Pulogalamu yaulere ya ma DJ: ndalama yotsalayo ipite kuti?

Loweruka masana, holo yadzaza. Wotsogolera mwambo waitana akuchikazi, mbale ya perekaniperekani ili m'manja mwa mkwatibwi, ndipo azakhali anyamuka ndi ma K500 ndi ma K1,000 m'manja, akuvina kulowera kutsogolo. Mwadzidzidzi nyimbo zii! Mnyamata wa pa zoimbira wawerama pa laputopu, thukuta lili kamukamu, akudina apa ndi apo. Azakhali aja aima kaye, ayang'anana, kenaka abwerera m'mipando, ndalama zija zabwereranso m'chikwama.

Amene amayenda m'maukwati ndi m'zinkhoswe zotere anazionapo. Nyimbo ikaduka kwa mphindi zitatu zokha pa nthawi yofupa, banja latsopano limaluza ndalama zomwe sizibwereranso, ndipo DJ amaluza choposa apo, chifukwa m'holomo mumakhala anthu ena amene ali ndi zikwati zawo mwezi wa mawa. Pa bizinesiyi dzina limayenda pakamwa, ndipo loipa limathamanga kuposa labwino.

Zodula nyimbo n'zambiri: magetsi, nthambo yothothoka, laputopu yotentha. Koma china chimene ambiri sakonda kuchitchula ndi pulogalamu yoimbira yothyoledwa loko, ija achinyamata amati ya crack. Pali njira yoipewera popanda kutulutsa tambala, ndipo dzina lake ndi Mixxx.

Chifukwa chimene ambiri amathyolera loko

Mapulogalamu otchuka a ma DJ ndi a makampani akunja. Serato ndi ya ku New Zealand, Traktor ndi ya kampani ya Native Instruments ya ku Berlin m'dziko la Germany, rekordbox ndi ya kampani ya ku Japan imene imapanga zipangizo za Pioneer DJ, ndipo VirtualDJ ndi ya kampani ya Atomix Productions. Onsewa ndi mapulogalamu abwino, koma kuti munthu awagwiritse ntchito mokwanira pa malonda amayenera kulipira, kaya kamodzi kapena mwezi ndi mwezi, ndipo malipirowo ndi a ndalama zakunja.

Ena ali ndi mbali yaulere, koma ili ndi malire. VirtualDJ yaulere ndi yoimbira kunyumba. Woimba polipidwa amayenera kugula laisensi. Serato DJ Lite ndi yaulere, koma zina zofunika anazisungira yolipira, ndipo imadalira kuti munthu akhale ndi chipangizo chovomerezeka ndi kampaniyo.

Kwa DJ wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, vuto silikhala mtengo wokha. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tanthauzo lake n'lakuti bilu ya madola imakwera yokha ngakhale kampaniyo isanakweze kanthu, pomwe mwini ukwati akunenererabe mtengo wa chaka chatha. Kuwonjezera apo, kulipira pa intaneti kumafuna khadi la kubanki lololedwa kugula kunja, chinthu chimene si aliyense ali nacho.

Apa ndi pamene ambiri amatembenukira ku pulogalamu yothyoledwa. Imaoneka yaulere, koma ngongole yake imabwera mochedwa. Wothyola loko amasintha mkati mwa pulogalamu, ndipo palibe amene angatsimikize kuti anaikamo chiyani. Kawirikawiri amauza munthu kuti athimitse kaye chitetezo cha mavairasi asanaiike, zimene zili ngati kumanga galu kuti mlendo wosadziwika alowe m'nyumba. Pulogalamu yotere silandiranso zokonza zatsopano, ndipo ikafa pakati pa mwambo palibe kokadandaula.

Mixxx n'chiyani, ndipo yaulere bwanji?

Mixxx inayamba m'chaka cha 2001 m'dziko la Denmark, pamene Tue Haste Andersen ankachita kafukufuku wa digiri ya udokotala pa yunivesite ya Copenhagen. Kuchoka apo inagwera m'manja mwa anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri mwa iwo ma DJ amene amadziwanso kulemba mapulogalamu. Mixxx 2.0 inatuluka mu 2015, 2.3 mu 2021, ndipo 2.4 ndi 2.5 zinatuluka mu 2024. Pulogalamu imene yakhala ikukonzedwa kwa zaka zoposa 20 si yoyeserera.

Imatuluka pansi pa chilolezo chotchedwa GPL. Chilolezochi chimapatsa aliyense ufulu woigwiritsa ntchito pa chilichonse, kuphatikizapo malonda, woikopera ena, ndi woisintha. Malemba amene anaipangira ali poyera, moti wodziwa za makompyuta akhoza kuwawerenga, kuona cholakwika ndi kuchikonza, ndipo kukonzako kumapindulira onse. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pulogalamuyi yakula motero.

Palibe masiku oyeserera amene amatha, palibe kulembetsa dzina, ndipo palibe mbali ina yobisika yodikira kuti munthu alipire. Imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Munthu akaitsitsa kamodzi pa tsamba lake la mixxx.org, sifunanso intaneti kuti iimbe, choncho woimba kumudzi kumene netiweki imavuta alibe nkhawa. Fayilo yake siifika ndi theka lomwe la gigabayiti, ndipo mmodzi akhoza kuitsitsa n'kugawira anzake khumi pa fulashi popanda kuphwanya lamulo lililonse.

Apa pali kampata ka malonda kwa eni mashopu okonza makompyuta. Chilolezo cha GPL sichiletsa kulipiritsa ntchito yoikira munthu pulogalamuyi, kumukonzera kuti igwirizane ndi zipangizo zake kapena kumuphunzitsa. Chimene chimaletsa n'kuitenga ngati yakeyake n'kumana ena ufulu womwewo.

Zimene imachita

Pa sikirini pamaoneka madeki, kutanthauza malo oikapo nyimbo, mpaka anayi. Pakati pali mikisa yokhala ndi makiyi okwezera ndi kutsitsa mawu, opungulira besi, mawu apakati ndi mawu opyapyala, komanso kiyi yotsetsereka, crossfader, yochotsera nyimbo ina n'kulowetsa inzake. Nyimbo iliyonse imajambulidwa ngati mafunde, kotero woimba amaona ndi maso pamene ng'oma zikulowa ndi pamene nyimbo ikukathera.

Pulogalamuyi imayeza liwiro la nyimbo, BPM, kutanthauza kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi. Amapiano zambiri zimayenda pakati pa 110 ndi 115, house imakhala cha m'ma 120 kupita m'mwamba, pomwe reggae imatsika kwambiri. Batani la sync limafananitsa liwiro la nyimbo ziwiri kuti zilowane popanda kupunthwa. Imayezanso kiyi ya nyimbo, zimene zimathandiza kusankha nyimbo zosalimbana m'makutu.

Pali hotcue, zizindikiro zimene woimba amaika pa malo ofunika a nyimbo kuti adumphirepo nthawi yomweyo. Pa perekaniperekani chimenechi ndi chuma. Wotsogolera mwambo akaitana gulu, anthu safuna kudikira masekondi 40 a chiyambi cha nyimbo; amafuna kolasi pomwepo, miyendo isanazizire. Palinso loop, yobwereza kachigawo ka nyimbo mosalekeza, yothandiza pamene mzera wa ofupa watalika kuposa nyimbo.

Kuwonjezera apo muli ma sampler osungiramo timawu tachidule monga dzina la DJ kapena kulengeza malonda, muli polowetsera maikolofoni pamene pamatsitsa nyimbo yokha munthu akayamba kulankhula, ndipo muli Auto DJ, imene imaimba mndandanda wokonzeratu n'kumasintha nyimbo yokha. Auto DJ ndi yothandiza nthawi ya chakudya kapena alendo akamafika, koma siiona nkhope za anthu. Kudziwa kuti agogo atopa ndi amapiano ndipo akufuna nyimbo yauzimu ndi ntchito ya munthu.

Mixxx imawerenga mafayilo a MP3, WAV, FLAC, AAC, Ogg ndi ena. Imajambula zonse zimene munthu waimba, ndipo imatha kuulutsa pa intaneti kudzera pa Icecast kapena Shoutcast, chinthu chimene mawailesi ang'onoang'ono ndi mipingo ingapindule nacho.

Woyamba kumene asathamangire kugula

Cholakwika chofala kwa achinyamata n'kuyamba ndi ngongole ya zipangizo asanadziwe ngati ntchitoyi aikwanitsa. Ndi Mixxx, laputopu ndi mahedifoni n'zokwanira poyambira. Kiyibodi yomwe imagwira ntchito: pa kakonzedwe kamene imabwera nako, D amayambitsa deki yoyamba, L yachiwiri, ndipo G ndi H amasuntha crossfader.

Chovuta n'chimodzi. DJ amayenera kumvera nyimbo yotsatira m'mahedifoni pamene anthu akumva ina, koma laputopu zambiri zili ndi bowo limodzi lotulutsira mawu. Njira yotsika mtengo kwambiri ndi nthambo yogawa mawu pawiri, DJ splitter, imene imatumiza mbali imodzi ku masipika ndi ina ku mahedifoni. Mawu amatuluka a mono, koma pophunzira ndi pa kaphwando kakang'ono palibe vuto. Wogula asasokoneze nthamboyi ndi ija yoti anthu awiri amvere limodzi nyimbo ya pafoni. Zimafanana maonekedwe koma ntchito n'zosiyana. Njira yabwinopo ndi kakhadi ka mawu ka USB, makamaka kokhala ndi njira zinayi zotulutsira mawu.

Luso loyamba si zokometsera ayi, koma kuwerenga. Nyimbo zambiri zovina zimayenda m'magulu a kugunda kunayi, ndipo zimasintha pakatha kugunda 16 kapena 32. Amene waphunzira kulowetsa nyimbo yatsopano pa chiyambi cha gulu lotere amamveka ngati katswiri ngakhale ali ndi zipangizo zochepa. Njira yachangu yophunzirira n'kujambula zimene waimba n'kuzimvera mawa lake. Khutu la m'mawa silinama. Kujambula mu WAV kumadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, pamene MP3 imadya zochepa.

Batani la sync lisamunamize wophunzira. Nyimbo zopangidwa pa kompyuta zimakhala ndi liwiro losasintha, ndipo pulogalamu imaziyeza bwino. Koma nyimbo zimene anajambula bandi kapena kwaya ikuimba pamodzi, monga zakale za Daniel Kachamba, liwiro lake limakwera n'kutsika monga anthu amachitira. Chimodzimodzi nyimbo za kagundidwe ka magule monga manganje ndi beni. Makina nthawi zina amaziwerenga molakwika. Mixxx imalola woimba kukonza yekha liwiro pogogoda batani motsatira ng'oma, koma nthawi zambiri nyimbo zotere n'kwabwino kuzilowetsa mwachidule, ina ikangotha, m'malo mozikakamiza kuti zilukane.

Nanga wozolowera apezamo chiyani?

Amene ali kale ndi controller, chipangizo chokhala ndi timawilo ndi makiyi ogwira ndi manja, ayambe wafufuza ngati chake chili pa mndandanda wa zipangizo zimene Mixxx imazidziwa. Pa mndandandawo pali zambiri za Pioneer DJ, Numark, Hercules, Denon ndi makampani ena, kuphatikizapo Pioneer DDJ-400 ndi za mtundu wa Numark Mixtrack, zimene zimapezekapezeka pa msika wa zogwiritsidwa kale ntchito. Chipangizo cha MIDI chimene palibe pa mndandandawo chikhoza kuphunzitsidwa batani ndi batani kudzera m'pulogalamu momwemo.

Ichi n'chofunika kwa wogula katundu wakale. Ma controller ambiri amapangidwira pulogalamu imodzi, ndipo wogulitsa kawirikawiri sapereka laisensi imene inabwera ndi chipangizocho. Chipangizo chotere chimatsika mtengo chifukwa ena amachiona ngati chosakwanira, pomwe ndi Mixxx chikhoza kugwira ntchito bwinobwino. Langizo n'lakuti wogula apite ndi laputopu yake, alumikize pomwepo, ayese batani lililonse ndi mabowo onse a mawu asanatulutse ndalama.

Amene anazolowera mbale zozungulira akhoza kulamula Mixxx pogwiritsa ntchito mbale za timecode, monga za Serato. Amene anakonza kale nyimbo zake mu Serato, rekordbox, Traktor kapena iTunes sayambiranso pa ziro, chifukwa Mixxx imawerenga mindandanda ya mapulogalamu amenewa.

Koma chilungamo chinenedwe, pali zina zimene Mixxx ilibe. Siisakaniza makanema, choncho amene amaimba m'mabala momwe anthu amaonera nyimbo pa TV ayenera kuyang'ana kwina. Siilumikizana ndi makampani obwereketsa nyimbo pa intaneti monga Tidal ndi Beatport. Imaimba mafayilo amene ali pa kompyuta basi. Zipangizo zatsopano zikatuluka, zimatenga nthawi kuti wodzipereka wina azilembere kakonzedwe. Ilibenso ofesi yoimbirako foni zinthu zikavuta; thandizo lili m'buku la malangizo ndi kwa ogwiritsa ntchito anzake. Ndipo amene akufuna kukaimba m'makalabu akuluakulu momwe muli makina a CDJ adzafunikabe kudziwa rekordbox, chifukwa ndi imene imakonza fulashi ya makina amenewo.

Kwa woimba m'zikwati, m'zinkhoswe, m'misonkhano ya mpingo, m'masukulu ndi pa zotsatsa malonda, zosowazi sizikhudza ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Ndalama yotsalayo ipite kuti?

Funso lenileni la malonda ndi ili. Pulogalamu ikakhala yaulere, ndalama imene ikanapita kunja imatsala m'thumba, ndipo phindu limadalira kumene yapita. Alendo a pa ukwati sadziwa dzina la pulogalamu imene DJ akugwiritsa ntchito, ndipo alibe nazo ntchito. Amamva zinthu ziwiri: ngati mawu ali oyera, ndi ngati nyimbo ikuduka.

Choyamba ndi batire la laputopu. Laputopu zambiri zogula kale zimabwera ndi batire lakufa, moti magetsi akangophethira kompyuta imathima, ndipo kuti iyakenso pamapita mphindi. Batire lamoyo limapangitsa kuti jenereta ikangolira nyimbo ipitirire pamene inali.

Chachiwiri ndi nthambo, ziwiriziwiri pa mtundu uliwonse. Nthambo ndi chinthu chotsika mtengo kwambiri pa zipangizo zonse, koma ndi chimene chimafa kawirikawiri. Amene amamva kulira kwa "hmmm" m'masipika akalumikiza chaja cha laputopu asafulumire kuimba mlandu pulogalamu; vuto limakhala la kayendedwe ka magetsi pakati pa zipangizo, ndipo kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kapena DI box kamathetsa zimenezi.

Chachitatu ndi khadi la mawu kapena controller yokhala ndi khadi lake. Chachinayi ndi hadi disiki ina yosungirako nyimbo. Posunga, woimba asaiwale kuti ma hotcue, mindandanda ndi zonse zimene wakonza Mixxx imazisunga m'fayilo yakeyake yotchedwa mixxxdb.sqlite; kukopera nyimbo zokha n'kusiya fayiloyi n'kutaya ntchito ya miyezi.

Chachisanu ndi chotetezera zipangizo ku magetsi okwera mwadzidzidzi, makamaka kwa amene amadalira jenereta. Lamulo la akatswiri a mawu n'lakale: ampulifaya imayatsidwa pomaliza ndipo imathimitsidwa poyamba.

Pa laputopu yeniyeniyo, Mixxx yatsopano imafuna Windows 10 kapena 11 ya 64-bit. Kompyuta yakale imene ikulemedwa ndi Windows kawirikawiri imapepuka ikaikidwa Linux, monga Ubuntu, imene nayonso ndi yaulere. Mawu akamadukaduka, mankhwala oyamba n'kukweza audio buffer m'makonzedwe a pulogalamu. Batani limayankha mochedwerako pang'ono, koma nyimbo imayenda mosalala.

Pulogalamu ndi yaulere, nyimbo si zaulere

Pano ndi pamene ambiri amasokonezeka. Chilolezo cha Mixxx chimakhudza pulogalamu yokha. Nyimbo zili ndi eni ake, ndipo m'dziko muno zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016. Bungwe la Copyright Society of Malawi, COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limapereka malaisensi oimbira nyimbo pagulu ndi kutolera ndalama zimene limagawira oimba ndi opeka nyimbo.

DJ amene akudya kudzera m'nyimbo za ena ayenera kupita ku bungweli kukamva laisensi yoyenera ntchito yake ndi mtengo wake, ndipo aike mtengowo m'mawerengero a bizinesi monga amachitira ndi mafuta a jenereta. Kupatula kupewa milandu, chiphaso chimatsegula makomo: makampani, mahotela ndi mabungwe amakonda kugwira ntchito ndi munthu wa mapepala olongosoka, ndipo ntchito zawo ndi zimene zimalipira bwino. Mixxx imasunga yokha mndandanda wa nyimbo zonse zimene zaimbidwa tsiku lililonse, ndipo mndandandawo ukhoza kutulutsidwa n'kusindikizidwa, zimene zimathandiza a wailesi posunga kaundula wa zimene aulutsa.

Kumene nyimbo yachokera kumamvekanso m'masipika. Fayilo yofinyidwa kwambiri, kapena yodulidwa ku kanema, imamveka bwino pafoni koma imang'aluka pa masipika akuluakulu. MP3 ya 320 kbps imadya pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, kutanthauza kuti nyimbo 1,000 za mphindi zisanu zimakwana mu 12 GB. Malo si vuto. Nyimbo 1,000 zoyera, zolembedwa mayina bwino ndi zoikidwa m'magulu, zimaposa nyimbo 20,000 zongounjika zimene mwini wake sazidziwa.

Mixxx ili ndi ma crate, amene ali ngati mabasiketi osankhiramo katundu: lina la kulowa kwa akwati, lina la perekaniperekani, lina lodulira keke, lina la nyimbo zauzimu, lina la achikulire. Ilinso ndi ReplayGain, imene imalinganiza kukwera kwa mawu kuti nyimbo ina isabwere mokuwa ina monong'ona. Nyali zofiira zikamayaka pa mikisa, ndiye kuti mawu apyola muyezo. Kupitiriza motero kumawononga mawu ndiponso kumawotcha masipika.

Kuwerengera mtengo wa ntchito

Ena akamva kuti pulogalamu ndi yaulere amatsitsa mtengo kuti alande makasitomala. Kumeneko n'kudzidyera mbewu. Mtengo wa DJ suchokera ku pulogalamu. Umachokera ku thiransipoti, mafuta a jenereta, malipiro a wothandiza kunyamula, laisensi, nthawi yokonzekera, ndi kutha kwa zipangizo.

Kutha kwa zipangizo ndi kumene ambiri amaiwala. Mwachitsanzo chabe, ngati zipangizo zonse zinagulidwa pa K2,000,000 ndipo mwini wake akuyembekezera kuti zigwira ntchito 100 zisanafune kusinthidwa, ndiye kuti pa ntchito iliyonse K20,000 si phindu ayi, ndi ya zipangizo, ndipo iyenera kupatulidwa. Popeza zipangizozi zimachokera kunja ndipo mitengo yake imatsatira dola, wanzeru amaonanso chiwerengerochi miyezi ingapo iliyonse.

Pangano lilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pafoni: tsiku, malo, ola loyambira ndi lomalizira, amene abweretse jenereta ndi mafuta, ndalama ya chikole, ndi mtengo wa ola lililonse lowonjezera. Mikangano yambiri ya pakutha pa mwambo imachokera pa zinthu zimene aliyense ankaganiza kuti mnzake akuzidziwa.

Chojambulira cha Mixxx chingabweretsenso makasitomala. Komiti ya ukwati ikafuna kumva luso la munthu isanamulembe ntchito, iye akhoza kuimvetsera zimene anajambula pa mwambo wapita m'malo mongodzitama pakamwa.

Tsiku lisanafike

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho ntchito yaikulu imachitika mkati mwa sabata. Nyimbo zatsopano ziyezedwe ndi pulogalamu kunyumba, chifukwa kuyeza nyimbo zambiri kumalemetsa kompyuta ndipo si koyenera kuchitika anthu akuvina. Nyimbo zimene akwati asankha zitengedwe msanga, zimveredwe mpaka kumapeto, ndi kuikidwa ma hotcue. DJ akumane ndi wotsogolera mwambo kuti agwirizane ndondomeko ndi zizindikiro za manja.

Pulogalamu kapena Windows isasinthidwe kukhala yatsopano usiku woti mawa kuli ntchito. Kusintha kuchitike Lolemba, kuti pakhale masiku oyesera. Pa tsikulo, Wi-Fi ithimitsidwe, mapulogalamu ena atsekedwe, kompyuta iletsedwe kugona yokha, ndipo laputopu iikidwe pamthunzi, pamalo olimba pomwe mpweya ukudutsa pansi pake. M'mwezi wa Okutobala, laputopu yoikidwa pa nsalu mu tenti imatentha msanga, ndipo ikatentha imayamba kuchedwa.

Maikolofoni ya wotsogolera mwambo ndi bwino ilowe mwachindunji mu mikisa ya masipika, kuti ngakhale kompyuta itavuta iye apitirize kulankhula ndi anthu. Ndipo pa mikisa yomweyo pakhale foni yolumikizidwa kale, yoikidwa pa flight mode, yokhala ndi nyimbo khumi zovinika. Palibe pulogalamu, yaulere kapena yodula, imene singaime tsiku lina. Kusiyana kwa katswiri ndi wophunzira n'kwakuti katswiri amakweza kiyi ya foni ija m'masekondi awiri, anthu osazindikira kuti china chake chachitika.

Amene akuchoka ku pulogalamu ina asasamuke tsiku limodzi. Aike Mixxx pambali pa imene anazolowera, ayesere kunyumba kwa milungu ingapo, ayambe nayo pa ntchito yaing'ono monga phwando la tsiku lobadwa, kenaka ndiye apite nayo ku ukwati. Kuyesa sikumudyera kanthu kupatula nthawi ndi bandulo ya tsiku limodzi.

Nyengo ya zikwati ikafika pachimake, Loweruka lililonse limakhala ndi mwini wake, ndipo makomiti amafunsana kuti ndani anaimba bwino kwa auje. Yankho silitchula pulogalamu. Limatchula munthu amene nyimbo zake sizinaduke kufikira azakhali omaliza ataponya yawo m'mbale.